Mlankhuli Atchule Chimene Chikutiwawa

Mafumu a Achewa a ku Malawi, ku Mozambique ndi kuno kwathu ku Zambia akasonkhana pa Mkaika mwezi wa Ogasiti kudzalambira Kalonga Gawa Undi, safika ndi mphatso zokha, koma amafotokozanso mmene anthu awo akukhalira, ngati nkhokwe zadzaza kapena njala yagwa, ngati pali nthenda kapena mtendere. Ndipo ine ndimayesa mwambo umenewu sukulu ya kulankhula, pakuti pabwalo la Achewa munthu sapambana mlandu ndi kukweza mawu, koma ndi kutchula mbuzi imene inalowa m'munda ndi mtengo umene uli pamalire.

Makolo athu amene anamenyera ufulu anaphunzira zimenezi movutikira. M'chaka cha 1953, a Harry Nkumbula anaotcha pamaso pa khamu mu Lusaka chikalata cha boma chofotokoza za Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, naitanitsa masiku awiri a mapemphero kuti anthu asapite kuntchito. Moto unaoneka, anthu anaomba m'manja, koma ambiri, makamaka a kumigodi, analawirira kuntchito monga mwa masiku onse, ndipo Chitaganya chinakhazikika chaka chomwecho. Sindikupeputsa a Nkumbula, amene analimba mtima pamene ambiri anali kunjenjemera. Ndingoti Chitaganya chinali chinthu cha m'mapepala, chimene mayi wa ku Sinda kapena mnyamata wopita ku Halale kukafuna ndalama ya msonkho sakanatha kuchikhudza ndi dzanja.

Koma pamene atsogoleri omwewo, chaka chotsatira, analoza kazenera ka kumbali kwa butchala, kamene munthu wakuda anali kugulirapo nyama yosadzisankhira, ataimirira padzuwa pomwe Mzungu akulowera pakhomo, panalibe wofuna womasulira, chifukwa aliyense anali ataimapo kale pakazenera kameneko ndi manyazi ake. Ndipo chimene anapemphedwa chinali chotheka ngakhale kwa wosauka, ndicho kuleka kugula. Anthu analekadi. A Kenneth Kaunda anafika poleka kudya nyama, kotero kuti mbale yawo inawachitira umboni ngakhale pamene pakamwa panali potseka.

Kutsidya kwa nyanja, Martin Luther King, amene anakumana ndi a Kaunda mu 1960, anayenda njira yomweyo. Ataima ku Washington pa 28 Ogasiti 1963, asanafike pa maloto amene dziko limakumbukira, anayamba wafanizira lonjezo la ufulu ndi cheke chimene banki yakana kulipira, fanizo lomveka kwa wantchito aliyense. Atatero ndi pamene anatenga mawu a aneneri Amosi ndi Yesaya, amene omvera ake anakula nawo m'tchalitchi. Kunonso mlankhuli akafuula kuti "Kwacha!" khamu linkavomera kuti "Ngwee!", monga amavomerera nthano ana a pamoto, ndipo munthu amene wavomera ndi pakamwa pake sabwerera kwawo ali mlendo pa nkhaniyo.

Chimandiwawa mtima ndi chakuti misonkhano ya masankho imene timaiona lero pa Katete inasunga kuvomera kuja, nitaya kutchula. Nyimbo zilipo, zitenje zilipo, mawu akuti chitukuko amabwerezedwa kufikira dzuwa litapendeka, nthawi zina ndi kunyoza mtundu wa mnzawo, chinthu chimene amene anagwirizanitsa Abemba, Atonga, Alozi, Angoni ndi Achewa kufikira tsiku la ufulu pa 24 Okutobala 1964 akanachita nacho manyazi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo, ndipo malonjezo opanda tsiku ndi malo ali pachala.

Tsono wofuna voti akadzaima pamaso pathu, kaya pa Katete, pa Sinda kapena ku Vubwi, tisafulumire kuvomera. Atiuze mwezi umene feteleza wa thandizo la boma la FISP adzafika kwa alimi mvula yoyamba isanagwe, masabata amene mlimi adzadikira ndalama atapereka chimanga ku bungwe la boma la FRA, dzina la mtsinje umene umatsekereza ana kusukulu m'dzinja, ndiponso chimene ifeyo tiyenera kuchita ndi manja athu kuti mlatho wake umangidwe.