NZERU ZA MAKONO: M'mene Akatswiri Anacenjerera Phokoso la pa Wailesi ndi Lamya

Nyengo ya dzinja ikafika, mabanja a kumidzi amalidziwa bwino bvuto la wailesi. Madzulo anthu atadya nsima amasonkhana pakhonde kuti amve mauthenga a maliro ndi a matenda. Muulutsi amayamba bwino, nachula mudzi ndi mfumu yace, koma pamene afika pa dzina la womwalirayo mphezi ing'anima kutali, ndipo wailesi ingoti phwaa, monga madzi otayikira pamoto. Phokosolo likatha, dzina lapita kale. M'mawa mwace wina ati anamva Banda, wina ati anamva Manda. Akulu akale anati Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ananena zoona, pakuti uthenga wopotoka panjira ungathe kuliritsa banja limene silinafedwe ndi kusiya ofedwa eni ace ali kumunda osadziwa kanthu.

Bvuto limeneli, looneka laling'ono pakhonde, lakhala mutu wa kufufuza kwa mainjiniya a za lamya ndi wailesi kwa zaka pafupifupi 100. Funso lao lakhala limodzi: kodi uthenga ungayende bwanji ulendo wautali pakati pa phokoso, ndi kukafika wathunthu monga m'mene unacokera?

MDANI WOSAFA

Mau a pa wailesi ndi pa lamya amayenda monga mafunde a magetsi, ndipo mafundewo amafooka akamatalikira kumene anacokera. Panjira amakomana ndi mafunde ena osafunika, ocokera ku mphezi, ku dzuwa ndi ku makina a magetsi. M'caka ca 1928 akatswiri awiri, John Johnson ndi Harry Nyquist, a pa malo ofufuzira a kampani ya lamya ya Bell ku America, anaonetsa kuti ngakhale waya weniweniyo amabala phokoso lace cifukwa ca kufunda kumene kuli m'kati mwace. Cotero phokoso silingaphedwe. Makina okuza mau nawonso sathandiza kwenikweni, pakuti pokuza mau amakuzanso phokoso limene lasakanizika nawo.

Munthu woitana mnzace kutsidya kwa Luangwa madzi atadzaza ali ndi njira zitatu: kufuula kwambiri, kulankhula pang'onopang'ono, kapena kubwereza mau kangapo. Mainjiniya akale nawonso anali kudalira njira zomwezo. Koma kufuula kumadya magetsi ambiri, ndipo kubwereza kumadya nthawi. Ambiri anali kukhulupirira kuti wofuna uthenga wopanda colakwa ciri conse ayenera kucepetsa liwiro kufikira uthengawo ukhale ngati suli kuyenda konse.

MNYAMATA WA WAYA WA MINGA

Amene anasintha maganizo amenewa ndi Claude Shannon, wobadwa m'caka ca 1916 m'cigawo ca Michigan ku America. Ali mnyamata analumikiza nyumba ya kwao ndi ya bwenzi lace pogwiritsa nchito waya wa minga wa mpanda, kuti azitumizirana mauthenga ndi magetsi. Atakula anaphunzira za magetsi ndi masamu, nalowa nchito pa malo ofufuzira a Bell. M'caka ca 1948 anasindikiza nkhani ya masamu imene inakhala maziko a maphunziro onsewa.

Mfundo yace yoyamba inali yakuti uthenga uli wonse, kaya ndi mau, nyimbo, kalata kapena cithunzi, ungathe kulembedwa ndi manambala awiri okha, 0 ndi 1, ndipo kukula kwace kungayesedwe powerenga manambalawo monga m'mene cimanga cimayesedwera ndi matumba. Mwacitsanzo, pa lamya zambiri za waya makina amayesa mau a munthu nthawi 8,000 pa sekondi imodzi, ndipo muyeso uli wonse umalembedwa ndi manambala 8, kupanga manambala 64,000 pa sekondi. Ubwino wace ngwakuti wolandira safunikanso kumva kukoma konse kwa liu. Nchito yace ndi kusiyanitsa 0 ndi 1 basi, monga munthu wa kutsidya kwa mtsinje amene angofunika kumva ngati mnzace wati inde kapena iai.

Mfundo yaciwiri ndiyo inadabwitsa anzace. Shannon anatsimikiza ndi masamu kuti njira iri yonse yopitamo uthenga iri ndi malire a katundu amene ingasenze pa sekondi imodzi. Malirewo amadalira kukula kwa mpata wa mafunde umene njirayo yapatsidwa, ndiponso mphamvu ya uthenga poiyerekeza ndi mphamvu ya phokoso. Wopitirira malirewo sangapewe zolakwa, ngakhale akhale wocenjera motani. Koma wotumiza mosapitirira malirewo angathe kucepetsa zolakwa kufikira zitakhala ngati palibe, osafuula ndiponso osacedwa, malinga uthengawo aukonze mwanzeru usananyamuke. Iye anaonetsa kuti makonzedwe otero alipo ndithu, koma sanaonetse kapangidwe kace. Nchito imeneyo anasiyira anzace, ndipo inawatengera zaka 45.

NZERU YA KALALIKI

Kodi uthenga ungadzikonze wokha bwanji? Kalaliki wa pa msika wa cimanga amaidziwa nzeru imeneyi ngakhale sanaiphunzire ndi dzina. Iye amalemba kuti mabanja atatu abweretsa matumba 7, 5 ndi 9, ndipo pansi amalemba kuti onse pamodzi ndi 21. Dontho la mvula likafafaniza nambala ya pakati, safunika kutuma mwana kumudzi kukafunsa: amacotsa 7 ndi 9 pa 21, napeza 5. Nambala yoonjezera ija, imene inaoneka ngati yongotha inki, ndiyo yapulumutsa matumba a mlimi.

Koma phokoso ndi loipa kuposa dontho la mvula, pakuti limasandutsa 0 kukhala 1 osasiya cizindikiro. Apa akatswiri amacita motere. Amaika manambala 9 a uthenga m'mizere itatu yopingasa ndi itatu yotsika, monga mapando a cimanga. Kumapeto kwa mzere uli wonse amaonjezerapo nambala imodzi, 0 kapena 1, yosankhidwa kuti ma 1 a mu mzerewo akhale ogawika pawiri popanda wotsala. Phokoso likasintha nambala imodzi panjira, wolandira amapeza kuti mzere umodzi wopingasa ndi mzere umodzi wotsika yasokonezeka, ndipo pamene mizere iwiriyo ikomana ndi pamene pali colakwa. Amangocitembenuza, uthenga nukhala bwino. Manambala otumizidwa ndi 15 okha, pamene kubwereza uthenga wonse katatu kukanafuna 27.

Woyamba kulemba nzeru yotere mwadongosolo anali Richard Hamming, mnzace wa Shannon pa nchito. M'caka ca 1947 iye anali kupatsidwa makina owerengera masamu kumapeto kwa mlungu kokha. Makinawo anali kudziwa kuzindikira colakwa, koma akacipeza anali kusiya nchito yonseyo, kotero kuti Hamming pofika Lolemba anali kupeza palibe cacitika. Kukwiya kwace kunabala funso labwino: ngati makina angadziwe kuti pali colakwa, alekeranji kudziwa pamene ciri ndi kucikonza? M'caka ca 1950 anasindikiza njira yace, m'mene manambala 4 a uthenga amaperekezedwa ndi 3 olondera, ndipo colakwa cimodzi mwa 7 amenewo cimakonzedwa.

MAYESO A KUMWAMBA

Nzeru zimenezi zinayesedwa koopsa pa zombo zotumizidwa m'mlengalenga, kumene kulibe magetsi ofuulira. Combo ca Mariner 9, cimene cinafika pa pulaneti la Mars m'caka ca 1971, cinali kugawa manambala a zithunzi zace m'magulu a 6, koma potumiza cinali kufutukula gulu liri lonse kukhala manambala 32. Ngakhale phokoso liononge 7 mwa 32 amenewo, manambala 6 aja anali kufika oona. Mwa njira imeneyo cinatumiza zithunzi zoposa 7,000.

M'caka ca 1977 dziko la America linaponya zombo ziwiri zochedwa Voyager. Makina ace otumizira uthenga ali ndi mphamvu ya mawati pafupifupi 23, yosaposa ya babu laling'ono la m'nyumba. Pofika caka ca 2024 Voyager 1 inali pa mtunda woposa makilomita 24 biliyoni, ndipo uthenga wace, woyenda pa liwiro la kuwala, unali kutenga maola oposa 22 kuti ufike pansi pano. Kanong'onong'o kameneko kanali kumvedwa ndi mbale zikuluzikulu za mamita 70 m'mimba mwace, zomangidwa ku California, pafupi ndi Madrid ku Spain ndi pafupi ndi Canberra ku Australia. Zithunzi za mapulaneti a Uranus m'caka ca 1986 ndi Neptune m'caka ca 1989 zinafika zooneka bwino mothandizidwa ndi njira imene Irving Reed ndi Gustave Solomon analemba m'caka ca 1960, pa masamba asanu okha. Njira yomweyo ndiyo inaikidwa m'zimbale za nyimbo za CD kuyambira caka ca 1982, ndico cifukwa cace cimbale cokandika pang'ono cimayimbabe bwino.

MAU A AKULU AKOMA AKAGONERA

Komabe njira zonsezi zinali patali ndithu ndi malire a Shannon. M'caka ca 1960 wophunzira wina wa pa sukulu ya ukacenjede ya MIT, Robert Gallager, anapeza njira yamphamvu kwambiri, koma makompyuta a nthawi imeneyo analibe mphamvu yoigwiritsa nchito, ndipo inaiwalika kwa zaka zoposa 30. M'caka ca 1993 aphunzitsi awiri a ku Brest m'dziko la France, Claude Berrou ndi Alain Glavieux, anaonetsa pa msonkhano wa ku Geneva njira yatsopano, m'mene makina awiri olandira uthenga amauzana zimene ali kuganiza, nabwereza kufunsana kufikira atagwirizana, monga nduna ziwiri zosanthula mlandu umodzi. Zotsatira zace zinafika pafupi kwambiri ndi malire a Shannon, kotero kuti akatswiri ambiri anayamba akayika kufikira atayesa okha. Posakhalitsa ena, monga David MacKay wa ku Cambridge, anafukula nchito ya Gallager, napeza kuti nayonso imafika pomwepo. Njira ya a ku France inalowa m'mafoni a m'manja a 3G ndi 4G, ndipo ya Gallager inalowa mu 5G ndi mu wailesi ya kanema ya manambala.

PHINDU LACE PAMUDZI

Zambia inalowa m'nkhani imeneyi poyera m'caka ca 1974, pamene mbale yaikulu yolankhulana ndi setilaiti inatsegulidwa pa Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, kuti lamya za dziko lino zizifika maiko a kutali. Koma phindu lalikulu linafika pamudzi ndi foni ya m'manja. Mwana wa ku Kitwe akatumiza ndalama za feteleza kwa amai ace ku Lundazi, manambala a ndalamazo amadutsa mphezi ndi mapiri, ndipo ena amaonongeka panjira monga mwa masiku onse. Cimene cimaletsa K500 kusanduka K50 ndi manambala olondera aja, amene amakonza zolakwa, kapena, zikacuruka, amakana uthengawo kuti utumizidwenso.

Masamu a Shannon amafotokozanso zinthu zina zimene anthu amaziona osadziwa cifukwa cace. Munthu wokwera pa culu kuti foni imveke ali kucotsa mitengo ndi zitunda pakati pa iye ndi nsanja ya mafoni. Potero mphamvu ya uthenga imakwera poiyerekeza ndi phokoso, ndipo malire a njirayo amakula. Wailesi ya kanema ya manambala imaonetsa cithunzi coyera ngakhale mafunde afooke ndithu, koma akafooka kupitirira malire cithunzi cimaima kapena kuzimiratu nthawi imodzi, pakuti zolakwa zaposa zimene alonda angakonze. Uthenga wolemba pa foni kawirikawiri umadutsa pamene mau ali kudukaduka, cifukwa ndi katundu wopepuka amene ngakhale njira yopapatiza ingamsenze. Cotero banja lofuna kulengeza maliro kumene mafunde ndi ofooka licita bwino kulemba dzina, mudzi ndi tsiku, m'malo mofuula pa foni. Wailesi wamba ya pakhonde ija, imene imanyamula mau monga mafunde osasandulizidwa manambala, iribe alonda otere, ndipo mphezi idzapitiriza kuiba maina pa iyo.

Hamming anamwalira m'caka ca 1998, ndipo Shannon m'caka ca 2001. Zida zao zazikulu zinali pensulo, pepala ndi kudekha, ndipo zina mwa zimene iwo ndi anzao analemba zinagona zaka makumi angapo zisanapindulitse munthu. Kuona maso a nkhono nkudekha. Makolo amene ali ndi mwana wokonda masamu, wocedwa pa nyali ndi manambala amene saoneka kuti angabale nsima, acita bwino kumlimbikitsa ndi kumsunga pa sukulu. Pa Yunivesite ya Zambia ku Lusaka ndi pa Yunivesite ya Copperbelt ku Kitwe amaphunzitsa za magetsi ndi za mauthenga, ndipo khomo lolowera kumeneko ndi masamu omwewo a kucotsera ndi kuphatikiza amene kalaliki anapulumutsira matumba asanu a mlimi.