ZA MAGALIMOTO: Utsi wa M'mawa Sunama

Abale athu a ku Malawi amene muli pa nchito kuno ku Pretoria, sabata yino tikambirane za utsi umene galimoto ya dizilo iturutsa poiliza m'mawa. Ambiri a inu musunga ndarama zaka ziwiri kapena zitatu kuti mugule bakkie yogwirapo kale nchito ndi kupita nayo kumudzi, kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete kufikira pa Mwanza. Ulendowo ndi wautali, ndipo injini ikafera panjira, thukuta lanu lonse lithera kwa makaniko wacilendo. Tsono mau athu ndi awa: musagule galimoto ya dizilo musanaione ikulira itagona usiku wonse.

Cifukwa cake ndi ici. Injini ya dizilo iribe mapulagi oyatsa moto monga ya petulo. Pisitoni ipanikiza mpweya kolimba kufikira utatentha, ndipo dizilo akapoperedwa m'menemo ayaka yekha. Koma citsulo cikazizira cimamwa kutentha kuja, ndiye cake anaikamo ma heater plug kuti athandize poyamba. Injini yofunda ibisa matenda ake, yozizira siingathe. Pretoria ali pamtunda wa mamita oposa 1,300, ndipo mu June ndi July mmawa kuzizira ndithu. Imeneyo ndiyo nyengo yabwino yoyesera galimoto, kaya ndi Ford Ranger yopangidwa konkuno ku Silverton, kaya Toyota Hilux kapena Isuzu.

Fikani kwa wogulitsa dzuwa lisanakwere, nimutsegule boneti ndi kukhudza injini. Mukaipeza yofunda, mwini wake wailiza kale; muuzeni mwaulemu kuti mudzabwera mawa. Ikakhala yozizira, mnzanu ailize pabwalo, osati m'garaji yotseka, ndipo inu muime ca kumbuyo ndi kuona zinthu zitatu: mtundu wa utsi, pfungo lake, ndi nthawi imene ukhala usanaleke.

Utsi woyera uli mitundu itatu. Woyamba ndi nthunzi cabe, yopyapyala, yopanda pfungo, imene imwazika msanga, musaiope. Waciwiri ununkha dizilo ndi kuwawa m'maso, ndipo injini injenjemera pang'ono. Ameneyo ndi dizilo wosapsa. Ukaleka patapita kamphindi, kawirikawiri heater plug imodzi kapena ziwiri zafa, ndipo kusintha kwake sikudya ndarama zambiri. Koma ukapitirira injini itafunda, ganizani za manozo otha, kapena kuti mapisitoni sapanikizanso mpweya bwino. Wacitatu ndi wocindikala, wa pfungo lonunkhira ngati shuga, ndipo suleka. Apo madzi a m'redieta akulowa m'injini, makamaka cifukwa ca gasiketi ya hedi yopsa. Onani ngati madziwo akucepa, ndi ngati pansi pa cotsekera oilo pali zoyera zonga mkaka. Redieta yotentha musaitsegule, ingakutentheni nkhope.

Utsi wabuluu ndi oilo amene akupsa. Ukangoti pfu kamodzi ndi kuleka, ndiye kuti oilo anadontha usiku kupyola timphira totha ta pa mavavu. Ukaonekanso poponda moto, turbo kapena maring'i a mapisitoni atha, ndipo imeneyo ndi nchito yaikuru yofuna kumasula injini. Galimoto yotere musanyamuke nayo ulendo wa kumudzi.

Utsi wakuda utanthauza kuti dizilo wacuruka koma mpweya wacepa. Yambani ndi sefa ya mpweya, pakuti pfumbi la m'nyengo yacisanu liitseka msanga. Dziwaninso kuti mpweya wa kuno kumtunda ndi wopepuka kuposa wa ku Durban m'mbali mwa nyanja, cotero injini zakale zopanda turbo zifuka pang'ono kuno ngakhale ziri bwino. Sefa ikakhala yoyera koma utsi uli cifukire, makaniko ayese manozo. Magalimoto ena atsopano ali ndi sefa ina ya mwaye mu ekizozi. Otere akaturutsa utsi wakuda, sefayo yaonongeka kapena wina anaicotsa.

Cenjeraninso ndi mafuta amene muthira. M'caka ca 2024 boma la South Africa linalengeza kuti malo 70 ogulitsira mafuta anapezeka ndi dizilo wosakaniza ndi parafini. Parafini satereretsa zitsulo monga acitira dizilo, cotero pampu ndi manozo ziperepeseka msanga, ndipo utsi uyamba. Munthu akakuitanirani dizilo wa m'zigubu pa mtengo wochipa koposa, pitirirani.

Ena adzati, "Nanga si galimoto iri ndi cikalata ca roadworthy?" Inde, lamulo la dziko lino lifuna cikalataco posintha mwini wa galimoto, koma ico cinena makamaka za mabuleki, nyale, matayala ndi ciongolero, ndipo galimoto ifika koyesedwako itafunda kale. Sicilonjeza kuti injini idzakufikitsani ku Mwanza. Penti wowala nayenso asakunyengeni. Akuru anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono mukaona utsi umene suleka injini itafunda, pemphani kuti makaniko wosankha inu nokha ayese mphamvu ya mapisitoni ndi manozo musanapereke ngakhale Rand imodzi. Wogulitsa woona mtima sadzakana. Akakana, wakuuzani kale zonse zimene mufuna kudziwa. Bwezani ndarama zanu m'thumba, magalimoto ndi ambiri m'Gauteng muno.

Sabata ya mawa tidzakamba za matayala ndi kamangidwe ka katundu pa bakkie. Tsalani bwino.