Kompyuta Imamvera, Koma Siiganiza M'malo Mwathu

Palibe chimene chimatha mphamvu za munthu ngati ntchito yobwerezabwereza. Mphunzitsi amachezera usiku kuwonkhetsa malikisi a kalasi lonse. Kalaliki amakopera maina omwewo m'mabuku atatu. Ntchito zotere kompyuta imazitsiriza m'kanthawi kochepa, malinga munthu atailembera malangizo mwandondomeko. Malangizo afupiafupi oterewa ndiwo amatchedwa script, ndipo ife tikuti mnyamata kapena mtsikana aliyense wotsiriza sukulu, amene ali ndi mwayi wokhala pa kompyuta, aphunzire kuwalemba.

Ambiri amayambira chiyankhulo cha Python, chimene Guido van Rossum wa ku Netherlands adachitulutsa m'chaka cha 1991. Nchaulere, ndiponso mawu ake ngosavuta kuwatsata. Mizere yowerengeka ingathe kutsegula fayilo ya malikisi, kuwonkhetsa, ndi kusanja ana kuyambira woyamba mpaka wotsiriza.

Komatu walira mvula walira matope. Script siiyima payokha. Woilemba amabwereka zigawo zimene ena adalemba kale: wofuna kuwerenga fayilo ya Excel amatenga openpyxl, wofuna kukoka nkhani pa intaneti amatenga requests. Zigawozi nazo zimatsamira pa zinzake, ndipo eni ake amazisintha nthawi ndi nthawi. Nchifukwa chake pulogalamu imene yayenda bwino lero pa kompyuta ya pasukulu ingathe kukana mawa pa kompyuta ya mnzathu, ngakhale palibe wakhudzapo lemba limodzi.

Ngakhale chiyankhulo chenichenicho chimasintha. Python 3 idatuluka m'chaka cha 2008, ndipo idasiyana ndi Python 2 pa zinthu zingapo, kuphatikizapo kagawidwe ka manambala. Tiyerekeze mwana amene wapeza 50 pa mayeso oyamba ndi 49 pa achiwiri. Polemba 99/2, Python 2 imayankha 49 nkutaya theka, pamene Python 3 imayankha 49.5. Mzere ndi womwewo, koma mayankho awiri, ndipo makinawo sachenjeza. Eni ake adaleka kusamalira Python 2 pa 1 January 2020, kotero kuti amene sadalembe mtundu umene pulogalamu yake imafuna adasiyira anzake chimtolo.

Kanthu kakang'ono nakonso kamagwetsa zazikulu. Mu March 2016, mwini wake wa kapulogalamu ka mizere 11 yokha kotchedwa left-pad adakachotsa mu npm, nkhokwe imene olemba JavaScript amatapamo zigawo. Ntchito yake idali yongowonjezera mipata kumanzere kwa mawu. Koma mapulogalamu zikwizikwi amene adatsamira pa iko, ambiri mosadziwa, adakanika kumangika kufikira katabwezeredwa patapita maola ochepa.

Tsono tichitenji? Mankhwala ake sadula. Choyamba, pulogalamu iliyonse ikhale ndi mpanda wakewake, umene mu Python umamangidwa ndi venv, kuti zigawo za ntchito ina zisasokoneze inzake. Chachiwiri, maina a zigawo zonse pamodzi ndi manambala a mitundu yake alembedwe mu fayilo yotchedwa requirements.txt. Lamulo la pip freeze limatulutsa mndandandawo, ndipo wolandira ntchito akalemba pip install -r requirements.txt amapeza zigawo zomwezo zimene mwini wake adagwiritsa ntchito. Chachitatu, alembe m'mawu omveka mtundu wa Python umene ukufunika ndi chimene pulogalamuyo imachita. Chotsiriza, asakhulupirire makina asanawayese: awonkhetse pamanja malikisi a ana asanu, nayerekeze ndi yankho la kompyuta.

Kwa aphunzitsi tikuti: musapereke malikisi onse chifukwa chakuti pulogalamu yayenda pamaso panu. Itengereni pa kompyuta ina, muipereke kwa wophunzira amene sadailembe, aiyendetse potsata zolembedwa zokha. Ikakana, ntchitoyo siidathe.

Kwa inu otsiriza sukulu, kuona maso a nkhono nkudekha. Yambani ndi kantchito kamodzi kamene kamakutopetsani, mukalembere mizere yochepa, ndipo musalembe mzere umene simungathe kuufotokoza. Olemba anthu ntchito safuna mmisiri amene makina ake amaima iye akadwala kapena akasamuka. Amafuna yemwe ntchito yake ipitirire m'manja mwa wina, pakuti zonse zimene imadalira zidalembedwa poyera.