Kope la Usiku: Phindu Lake ndi Minga Yake

Mu Okutobala, kutentha kwa ku Tete kukapitirira madigiri 40, anthu a ku Canongola amayala mikeka panja usiku. Tiyerekeze kuti pa mkeka wina pali mtsikana wa ku Angónia amene akukhala kwa azakhali ake chifukwa cha sukulu. Wayatsa tochi ya foni, ndipo akulemba m'kope zinthu zitatu: chimene wamvetsa lero, chimene chamukanika, ndi chimene akafunse mawa. Kodi chizolowezichi n'chopindulitsa?

Ubwino wake woyamba ndi wakuti cholembera sichinamiza mwini wake. M'kalasi ungagwedeze mutu ngati wamva, koma ukati ulembe m'mawu akoako, dzanja limaima pamene pathera nzeru. Donald Schön, m'buku lake la mu 1983, anaonetsa kuti akatswiri amakula posinkhasinkha ntchito yawo, ndipo kope limasunga maganizo otere kuti asauluke ndi tulo.

Wachiwiri ndi chiyankhulo. Mtsikanayu amaphunzira m'Chipwitikizi, pamsika amamva Chinyungwe, koma amaganiza m'Chinyanja. Pakati pa 1993 ndi 1997, pulojekiti ya PEBIMO inayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja m'chigawo cha Tete chomwechi, poona kuti mwana amagwira msanga m'chiyankhulo cha kwawo. Kopelo limamubwezera mwayi wotero usiku uliwonse.

Wachitatu ndi wakuti cholembedwa chimakhalitsa. Francisco de Lacerda ananyamuka ku Tete mu 1798 kupita kwa Kazembe, ndipo David Livingstone anafika ku Tete mu 1856. Maulendo awo timawadziwa chifukwa ankalemba tsiku ndi tsiku. Koma zimene ankaganiza makolo athu amene anawasenzera katundu zinapita nawo kumanda.

Minga nayo ilipo. M'nyumba ya azakhali, mmene ana angapo amagona chipinda chimodzi, mulibe pobisa kope. Mzere umodzi wodandaula za ndiwo kapena kuchuluka kwa ntchito, ukawerengedwa ndi msuweni, ungathamangitse mtsikanayu pakhomo. Nthawi nayo ndi yochepa kwa mwana amene amatunga madzi, kuphika ndi kutsuka mbale asanatsegule buku.

Palinso ngozi ziwiri zobisika. Aphunzitsi akamatolera makopewa n'kumapereka malikisi, mwana amayamba kulemba zokondweretsa wochonga, choonadi n'kuthawa. Ndipo munthu wosweka mtima angamangobwereza chisoni chomwecho tsamba ndi tsamba, ngati wokanda chilonda. Kwathu mavuto timawatula kwa anthu: akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pepala limalandira chilichonse, koma siliyankha.

Nditasinkhasinkha mbali zonse, ine ndikuti mtsikanayu apitirize, koma alembe mwanzeru. Mphindi zisanu n'zokwanira. Alembe za maphunziro ndi ntchito, m'chiyankhulo chimene amalotera, ndipo nkhani zimene zingayatse moto pakhomo azisiye kunja kwa tsamba. Lamlungu awerengenso za sabata yonse kuti aone pamene amapunthwa kawirikawiri. Aphunzitsi alimbikitse chizolowezichi popanda kuchichonga.

Chofunika koposa ndi chinthu chachitatu chija cha m'kope. Funso lolembedwa usiku lisagone m'kope: kukacha, lipite kwa aphunzitsi, kwa mnzake wa m'kalasi, kapena kwa azakhali omwewo pamene akusonkha moto.