Phindu la masheya: kudya lero kapena kubzalanso?

Mwezi ukatha, Amalawi ambiri a ku Yeoville amagawa ndalama zawo patatu: lendi, chipereganyu ndi zotumiza kumudzi. Masiku ano pamsika wa mumsewu wa Rockey pamamvekanso nkhani ya masheya, ndipo ena amaganiza kuti munthu akangogula, ndalama zimayamba kubwera zokha. Musanatulutse rand imodzi, ndi bwino kuwerengera kaye.

ETF ndi thumba limodzi la masheya a makampani ambiri lomwe limagulitsidwa pamsika wa masheya wa JSE. Thumba loyamba lotere ku South Africa, Satrix 40, linayamba mu 2000. Mu 2007 kunabwera Satrix Divi, lomwe limasankha makampani 30 oyembekezeka kugawira eni masheya phindu lochuluka, ndipo limalipira kanayi pachaka.

Mwachitsanzo, mayi wosoka zovala waika R10,000 m'thumba lotere, ndipo chaka chimenecho lagawa phindu la 5 peresenti. Imeneyi ndi R500. Koma kuyambira mu 2017 boma limadula msonkho wa 20 peresenti pa phindu lotere, choncho mayiyo atsala ndi R400, kapena kuti pafupifupi R33 pamwezi. Ndalamayi siingalipire lendi ya chipinda.

Apa mpamene pagona chisankho. Akamatenga R400 chaka chilichonse, m'zaka 10 adzakhala atalandira R4,000. Akamaibweza m'thumba kuti igule masheya ena, nawonso amabala phindu lawo, ndipo R10,000 ija imakula kufika pafupifupi R14,800, ngakhale mtengo wa masheya utapanda kusintha. Kusiyana kwa R800 kukuoneka kochepa, koma pofika zaka 18 ndalamayo imakhala itawirikiza kawiri. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Komabe mawerengerowa si lonjezo. Mu 2020, pa nthawi ya Covid-19, mabanki a ku South Africa analangizidwa kuti asagawe phindu, ndipo makampani ena ambiri anasiyanso kugawa. Mtengo wa masheya nawo umatsika. Ndiponso peresenti yokwera kwambiri nthawi zina imangosonyeza kuti mtengo wa sheya wagwa chifukwa kampaniyo ili pamavuto.

Kwa munthu amene abale ake ku Mzimba kapena ku Mangochi akudikira ndalama ya feteleza, kubzalanso phindu si chinthu chapafupi. Ndi chifukwa chake ndalama ya fizi, ya matenda ndi ya maliro iyenera kusungidwa padera, pomwe ingapezeke msanga. M'thumba la masheya muziikidwa yokhayo imene mwini wake angathe kuiiwala kwa zaka zambiri, ndipo izidutsa kwa wogulitsa wovomerezedwa ndi bungwe la FSCA. Wolonjeza phindu lalikulu mwezi uliwonse popanda chiopsezo ndi wofunika kumufunsa kaye kuti ndalamayo ikuchokera kuti.