Kubadwa tsiku limodzi si matsenga

Mng'ono wanga anabwera kunyumba maso ali tong'o: m'kalasi mwawo muli ana awiri obadwa tsiku limodzi! Ine ndinamuuza kuti chodabwitsa chikanakhala kusawapeza.

Poti chaka chili ndi masiku 365, mutu umathamangira kuganiza kuti pafunika chinamtindi cha anthu. Koma funso si lakuti ndani anabadwa tsiku lako iweyo ayi. Tikufuna awiri alionse. Pa anthu 23 okha pali njira 253 zosankhira awiriawiri (23 × 22 ÷ 2), ndipo mpata woti ena afanane tsiku umapitirira theka pang'ono. Akakwana 60, ngati m'makalasi athu odzadzawa, umaposa 99 peresenti.

Chomwe chimandivuta ine n'chakuti timangokumbukira zimene zagwirizana. Ukaganiza za azakhali ako foni n'kulira, umauza aliyense. Nanga masiku onse aja unawaganizira foni ili zii? Sitiwerenga. Munthu ukamulota kenako n'kudwala, n'chimodzimodzi, komatu apa ndi pomwe agogo osalakwa amayamba kulozedwa zala kuti ndi mfiti.

Mawa lembani masiku obadwa a m'kalasi mwanu pabolodi, muone.