Musamunamizire Napolo

Sabata yatha m'kalasi tinkakambirana ndakatulo za Steve Chimombo, zija anazitcha dzina la Napolo. Mnzathu wina anaseka n'kunena kuti makolo athu anali ndi mantha opanda pake, chifukwa phiri likagumuka iwo ankati kwadutsa njoka. Kalasi yonse inaseka naye. Ine sindinaseke, ndipo mpaka lero mtima sunakhale pansi. Agogo anga aakazi sanapondeko pakhomo la sukulu, koma za phiri ankadziwa kuposa ambiri a ife amene tikuyembekezera kuvala gauni.

Iwo ankati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri. Chikafuna kusamuka kupita kunyanja chimatuluka mvula ikugwa usana ndi usiku, kumamveka phokoso ngati la ng'oma, ndipo chimakokolola chilichonse chimene chapezeka m'njira. Mawu ofunika ankawanena kumapeto: Napolo ali ndi njira yake, ndipo akamabwerera amadzeranso momwemo, choncho munthu wanzeru samanga pamene iye anadutsa. Chotsanipo njokayo pa nkhaniyi muone chimene chatsala. Ndi phunziro lomwelo limene akatswiri a miyala ndi nthaka amaphunzitsa ndi mapu komanso makina.

Mapiri ambiri a kum'mwera kuno, Soche, Zomba, Chiradzulu, Michesi, Mulanje, ndi thanthwe lolimba limene lavala dothi lochepa pamwamba. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothilo limamwa madzi mpaka kukhuta. Madzi sangalowe msanga m'thanthwe, ndiye amayenda pakati pa dothi ndi mwala, pamenepo n'kusanduka poterera. Dothi lalemera, pansi pake pakuterera, malo ndi otsetsereka: limagumuka basi. Likagwera m'khwawa limasakanikirana ndi madzi n'kukhala ngati phala lolemera kwambiri, lotha kunyamula miyala yaikulu ngati minibasi. Ng'oma zija agogo ankanena ndi miyala imeneyi ikuombana. Phalalo likafika m'tsinde mwa phiri, pamene malo ayamba kuyala, limamwazikana n'kutula katundu wake. Ndiye mukaona miyala ikuluikulu ili mbwee m'munsi mwa khwawa, dzifunseni kuti inafika bwanji pamenepo. Palibe amene anaibweretsa pa wilibala. Kuno ku Zomba ndimaidutsa ndikamayenda m'mbali mwa Mulunguzi, ana akusewera pamwamba pake, amayi akuyanikapo zovala.

Mulunguzi yemweyo anaononga tauni ya Zomba mu Disembala 1946. Mu Marichi 1991 phiri la Michesi linagumuka n'kukwirira anthu mazanamazana ku Phalombe. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula Soche, matope n'kutsikira ku Chilobwe anthu ali m'nyumba, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, oposa 600,000 n'kusowa pokhala. Zonsezi zachitika m'moyo wa munthu mmodzi. Alipo achikulire amene anaona zonse zitatu. Koma pawailesi timazitchabe "ngozi zogwa mwadzidzidzi". Mawu amenewa amandipweteka. Tsiku ndi ola n'zimene zimadzidzimutsa. Malo ake ndi odziwika kale, analembedwa ndi miyala poyera, ndipo madzi saiwala khwawa. Tikati mwadzidzidzi timakhala tamasula aliyense amene anali ndi udindo wodziwa.

Freddy atangodutsa, zala zonse zinaloza kumodzi: anthu odula mitengo, ootcha makala, omanga m'phiri. Sindikukana kuti kumeta phiri n'koopsa. Mizu imagwira dothi, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, ndipo paphiri lopanda mitengo madzi amathamanga ngati padenga la malata. Aliyense amene anaona zithunzi zakale za Ndirande angachite manyazi ndi mmene phirilo lilili lero. Koma mu 1946 phiri la Zomba linali lisanametedwe chonchi, ndipo linagumukabe. Mvula ikafika muyeso wina wake, dothi limatsetsereka pamodzi ndi mitengo yake yomwe, mitengoyo n'kusanduka mitsitso yogumulira nyumba. Wina akamakuuzani kuti tikangodzala mitengo vuto latha, dziwani kuti akukupatsani theka la nkhani, theka limene silivuta kujambulitsa. Bwana atavala magambuti atsopano, mbande m'manja, makamera ali tcheru. Funso loti pansi pa khwawa pali nyumba zingati silifunsidwa tsiku limenelo.

Nanga makalawo amapita kuti? Amathera m'mbaula zathu, ife a m'tauni, kuphatikizapo ophunzira amene timakhala kunja kwa sukulu. Magetsi akazima tonse timathamangira thumba la makala. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akachepa makala amafunika ambiri, mapiri amametedwa, dothi limakokolokera mu Shire n'kukatsamwitsa makina omwewo opangira magetsi. Bambo wokankha njinga ya matumba atatu kuchokera ku Neno ndi amene timamuona pamsewu, ndiye ndi amene timamutukwana. Wogula sitimuona chifukwa ndi ife.

Za omanga m'phiri ndiye ndili nazo zambiri. Msuweni wanga amachita lendi m'mphepete mwa phiri ku Blantyre. Sanapiteko chifukwa chokonda kuona mzinda ali pamwamba. Amagwira ntchito yaulonda, ndipo ndi kokhako kumene malipiro ake angakwanitse chipinda chimene angayende wapansi kupita kuntchito. Malo amene nyumbayo ili, wina anagulitsa. Wina anadinda kalata. Wina anaona maziko akukumbidwa, njerwa zikuumbidwa, malata akukhomedwa, chaka ndi chaka, ndipo anakhala chete chifukwa anthu amenewo ndi mavoti, kapena chifukwa m'thumba mwake munagwa kenakake. Soche ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, pamapepala. Nyumba sizimera usiku umodzi ngati bowa. Tsiku la maliro onsewa amabwera atavala zakuda n'kulangiza amasiye kuti asamamange malo oopsa.

Ena anena kuti boma limawauza anthu kuti asamuke koma iwo amakana. N'zoona, amakana, makamaka kuchigwa cha Shire. Koma tafunsani chifukwa chake. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa madzi osefukira ndi amene amasiya dothi lachonde limene anthu amalimapo chimanga, mbatata ndi nyemba m'nyengo yachilimwe. Pa Chiromo, pamene Ruo amakumana ndi Shire, Ruo akadzaza amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh ndi midzi yozungulira. Mtsinje womwewo umene umapha ndi umene umadyetsa. Mukamuuza munthu kuti apite kumtunda kopanda munda, kopanda mjigo, kopanda sukulu, mwamupatsa kusankha pakati pa madzi amene angabwere chaka china ndi njala imene ibwere chaka chino. Inuyo mukanasankha chiyani? Kumutcha wamakani n'kosavuta kwa munthu amene amalandira malipiro pakutha pa mwezi.

Tsopano kwabwera Napolo watsopano, wovala suti, dzina lake kusintha kwa nyengo. Ndisamveke molakwa. Nyengo ikusinthadi, nyanja zikutentha, ndipo mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri chimene chimagwa ngati mvula yoopsa. Freddy anakhala ndi moyo kwa masabata oposa asanu, kuchoka kufupi ndi Australia mpaka kudzafika kuno. Utsi umene wabweretsa zimenezi si wathu, ndipo mayiko olemera ali ndi ngongole kwa ife imene ayenera kulipira. Chimene chikundikwiyitsa n'choti atsogoleri athu apeza pobisala. Utsi wa ku Ulaya sunagawe mapuloti m'khwawa la Soche. Sunatseke ngalande za m'mizinda yathu ndi zinyalala, ndipo sunalole malole kukumba mchenga m'mitsinje mpaka magombe kugumuka. Ngati mvula izikhala yoopsa kuposa kale, ndiye kuti udindo wa amene amagawa malo wakula. Koma iwo amalankhula ngati wachepa.

Zofunika kuchita si zachilendo. Kuno ku Zomba kuli nthambi ya boma yofufuza za miyala ndi nthaka. Anthu odziwa kujambula mapu osonyeza makwawa oopsa alipo m'dziko muno. Mapu oterowo asamathere m'kabati ya mu ofesi kapena mu lipoti la Chingerezi limene amawerenga ndi opereka thandizo okha. Akhomedwe kwa amfumu, kumsika, kutchalitchi ndi kumzikiti, m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena, kuti munthu asanapereke ndalama ya puloti aone yekha kuti akugula njira ya madzi. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la za ngozi mu 2023, Freddy atangodutsa. Ine ndidzalikhulupirira tsiku limene ndidzamve kuti wogulitsa malo m'khwawa kapena wodinda kalata yake waima pamaso pa woweruza, komanso tsiku limene osamutsidwa adzapeze madzi ndi munda zikuwadikira kumene akupitako. Mabulangete, ndowa ndi ufa wa m'misasa n'zofunika madzi akadutsa, koma zasanduka mwambo umene timachita kuti tisachite zovutazo.

Nditapita kukamuona msuweni wanga pa tchuthi chathachi, anandionetsa mwala waukulu umene uli pamwamba pang'ono pa nyumba yawo. Akuti mvula ikagwa usiku amadzuka, n'kukhala pakhomo atanyamula mwana, kumvetsera ngati kumtunda kukumveka phokoso. Eni nyumba amuuza kale kuti mwezi wamawa lendi ikwera.